Tsiku Limodzi ku Hermanus, Kumene Anamgumi Amadzaberekera

Mlendo wonyamuka m'mamawa kucokera mu mzinda wa Cape Town, m'dziko la South Africa, nalondola mseu wa Clarence Drive umene umakhotakhota pakati pa mapiri ndi nyanja yamcere, amayamba waima pa Betty's Bay. Pamenepo, pa malo ochedwa Stony Point, pali mbalame za penguin zimene siziuluka konse, koma m'madzi zimathamanga ngati nsomba. Zinayamba kumanga zisa pamalopo m'caka ca 1982. Mbalamezi zikutha cifukwa nsomba zing'onozing'ono zimene zimadya zacepa, ndipo mu 2024 zinalembedwa m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu. Pamiyala pamaothera dzuwa mbira, zonga za m'mapiri a kwathu kuno.

Dzuwa lisanafike pamutu mlendo amalowa m'tauni ya Hermanus. Kuno bwato silifunika. Munthu amangoima pa kanjira ka pamwamba pa matanthwe, nayang'ana m'madzi a Walker Bay. Kuyambira mu 1992 tauniyi ili ndi munthu amene nchito yace ndi kuliza lipenga lopangidwa ndi comera ca m'nyanja, kudziwitsa alendo kumene anamgumi aonekera.

Namgumi si nsomba ai. Amapuma mpweya, amabereka mwana wamoyo ndi kumuyamwitsa monga ng'ombe. Wamkulu wa mtundu wa southern right amatalika mamita 15, ndipo kulemera kwace kungafanane ndi njobvu khumi za ku Luangwa. Akapuma, nthunzi imatuluka pawiri ngati mphanda. Nthawi zina cimphonaci cimadumpha ndi kudzimenyetsa pamadzi, phokoso nkumveka mpaka kumtunda. Koma kawirikawiri mlendo amadikira nthawi yaitali naona msana wakuda cabe. Wopupuluma amabwerera wosakhutira.

Nyamazi zimafika kuyambira mwezi wa June kufikira November, kucokera ku nyanja zozizira za kumwera kumene zimadya tizamoyo tonga nkhanu ting'onoting'ono. Zikafika kuno sizidya kwenikweni: mai amayamwitsa mwana ndi mafuta amene anasunga m'thupi.

Kale alenje anazipha zambiri pofuna mafutawo, ndipo pa Stony Point pomwepo panali malo ocekerapo anamgumi. Mtunduwu unatetezedwa mu 1935 ndipo unayambanso kuculuka. Komabe akatswiri owerenga anamgumi caka ndi caka ali m'ndege aona kuti amai amene kale anali kubereka pakapita zaka 3, tsopano ambiri amatenga zaka 4 kapena 5, ndipo amafika oonda kusiyana ndi kale.