Ndodo Imene Sindinaigwiritse Ntchito

Tsiku limene Bruno anadzumira mwana wanga wamkazi, ndodo ndinali nditainyamula kale. Galuyo anali ndi miyezi inayi yokha, ndipo madzulo amenewo anali atagwira fupa la ng'ombe kuseri kwa nyumba yathu ku Area 25, ku Lilongwe. Mwanayo, wa zaka zisanu, anawerama kuti amusisite pamutu. Bruno anauma thupi, nadzuma chapansipansi, kenako analuma m'malere pafupi ndi chala chake. Sanamukhudze, koma mwana analira ngati walumidwa.

Malume, amene anabwera kudzationa sabata imeneyo, sanachedwe kuyankhula.

"Mphwanga, mmenye lero lomwe. Ukamulekerera, mawa adzakudyera mwana."

"Malume, tadikirani pang'ono," ndinatero, ngakhale kuti nanenso mtima unali m'mwamba.

Chimene chinandigwira dzanja ndi galu wina amene tinali naye kumudzi ku Dedza ndili mnyamata. Iyeyo akangodzuma tinkamukwapula. Patapita miyezi anasiya kudzuma, ife n'kumati waphunzira mwambo. Tsiku lina analuma mng'ono wanga pamwendo osatulutsa mawu ngakhale pang'ono. Mantha ake pa chakudya anali akadalipo. Chimene tinamuchotsa ndi chenjezo lokha.

Ndinaponya ndodo pansi, n'kutenga mwana kulowa naye m'nyumba.

M'mawa mwake ndinapita ndi Bruno kwa dokotala wa ziweto, chifukwa galu amene akumva ululu amapsa mtima msanga. Sanapezeke ndi vuto, kupatula kuti anali pa msinkhu wogwa mano. Kagalu kamakhala ndi mano 28, ndipo pofika miyezi isanu ndi iwiri amakhala atalowedwa m'malo ndi 42. Pa nthawi imeneyi nkhama zimayabwa, ndipo fupa kwa iye ndi chuma. Katemera wa chiwewe anali atabayidwa kale ali ndi miyezi itatu, ndipo izi zinanditsitsako mtima. Komabe ndinauza onse apakhomo kuti wina akadzalumidwa, atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Lamulo loyamba linali la anthu, osati la galu: Bruno akamadya kapena akagona, mwana asayandikire. Tinayamba kumupatsa nsima yake ya gaiwa pakona pamene palibe wodutsa.

Ntchito yachiwiri inali yanga. Akamadya, ndinkaima patali pamene sankauma thupi, n'kumuponyera kachidutswa ka nyama kapena usipa, kenako n'kuchokapo. Patapita masiku ndinkasendera pang'ono. Ndinkafuna adziwe kuti munthu akabwera pa mbale yake wabwera kudzawonjezera. Pambuyo pake tinayamba kusinthana: ndinkamuonetsa nyama, iye n'kusiya fupa, ine n'kulitola, akamaliza kudya n'kumubwezera.

Ndinalakwitsapo kamodzi. Sabata yachitatu ndinafulumira, n'kutambasula dzanja ndisanamuonetse kanthu. Mano ake anandikanda pachala. Nditaganiza bwino, ndinaona kuti anali atandiuza kale: anasiya kutafuna, anaweramira pafupa, nandiyang'ana cham'mbali mpaka choyera cha diso chikuoneka. Ine ndi amene sindinamve. Ndinatsuka chala, n'kupita kuchipatala monga ndinalamulira ena, ndipo tsiku lotsatira ndinabwerera pamtunda umene tinayambira.

Zizindikiro zimenezi ndinaphunzitsanso mwana wanga. Tsopano akaona Bruno wauma thupi, amabwerera m'mbuyo n'kudzandiitana. Sindimusiya yekha ndi galu, ngakhale kuti panopa amagwirizana kwambiri.

Malume atabweranso patapita miyezi isanu ndi umodzi, anandipeza ndikutenga fupa pakati pa miyendo ya Bruno, iye akugwedeza mchira kudikira chimene ndamubweretsera. Anapukusa mutu.

"Galu ameneyu wamufewetsa. Kodi akubawo adzamuopa?"

Usiku womwewo Bruno anauwa pageti mpaka malume anadzuka kukasuzumira pawindo. M'mawa sanayambitsenso nkhaniyo.

Bruno amadzumabe nthawi zina, makamaka wina akamudzidzimutsa ali mtulo. Akatero sindimukalipira. Ndimayang'ana chimene chamuopsa, n'kuuza amene ali pafupi kuti asendere uko.