Makobiri Otsalira m'Dengu

Pali kanthu kamene katisautsa mtima masiku ano kuno ku Lifuwu, ndipo taona kuti nkwabwino tikaike pamaso panu, kuti tikalingalire pamodzi. Ndi nkhani ya makobiri anai okha. Koma akuru anati m'mera mpoyamba.

Tiyambe ndi za kutali. Ku America kuli makina owerenga makobiri, amene aimikidwa m'masitolo akuru, ndipo kampani ya Coinstar, imene inayamba m'caka ca 1991, ndiyo yodziwika koposa pa nchitoyi. Munthu akasonkhanitsa makobiri ace, awakhuthulira m'makinamo. Makina awerenga, nalemba ciwerengero pa kapepala, ndipo mwini wace alandira ndalama zace, kampani itapatulako gawo lace. Koma kunsi kwa makinawo kuli kambale kogweramo makobiri okanidwa: opindika, a maiko ena, ndi ena akale. Eni ace ambiri acoka osayang'anamo. Tsono alipo anthu amene akalowa m'sitolo ayamba apisa dzanja m'kambaleko, pakuti makobiri ena a dzikolo osulidwa kufikira caka ca 1964 anali a siliva, ndipo mtengo wace uposa kutali umene unalembedwapo. Kumeneko anthu atsutsana: kodi kutenga zotere ndi kuba, kapena ndi mwai?

Kwathu kuno makina otere tiribe, koma funso lomwelo latipeza. Tsiku lina la Sabata akuru a mpingo anawerenga copereka monga mwa masiku onse, nalemba m'buku, nalitseka. Dengu lathu la copereka ndi lolukidwa ndi mlaza, ndipo lakalamba, mlaza wace wayamba kumasuka. Mnyamata wa m'kalasi mwathu amene asesa m'nyumba yopemphereramo analigugudiza pansi kuti acotse pfumbi, ndipo munagwa makobiri anai a K10 amene anabisala m'mipata. Iye anawaika m'thumba. Mnzace anamuona, nadzatiuza Lolemba m'mawa.

Tinamuitana, ndipo sanakane. Anati, "Aphunzitsi, akuru anawerenga, buku linatsekedwa, ndipo palibe ananena kuti kanthu kasowa. Ine ndinatola, sindinabe. Nanga K40 igula ciani?"

Mau ace otsirizawo sitingawatsutse. Makolo athu amatisimbira za kobiri loboola pakati, za tiki ndi sikisi, zimene munthu anali kuzimanga pa mfundo ya nsaru ndi kuzisunga ngati diso. Kwacha inalowa m'malo mwa paundi m'caka ca 1971, ndipo pamenepo tambala anali ndi mphamvu pamsika. Lero tambala sitimuonanso, ndipo m'mwezi wa November 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100. Kobiri likagwa pamsika, ambiri acita ulesi kuwerama. Koma kucepa kwa mtengo sikusandutsa ca mwini kukhala copanda mwini. Amene anaponya makobiriwo kapena ndi nkhalamba imene inagulitsa kamulu kamodzi ka usipa, ndipo inadziwa kumene inafuna kuti apite.

Pano tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene zioneka ngati cimodzi. Coyamba ndi khunkha. Mpunga ukamwetedwa m'minda mwathu muno, akazi ndi ana alowamo natola ngala zotsala, mwini munda ali kuona, ndipo sakalipa. Ku doko nakonso, asodzi akamakhuthula usipa wa m'cilimira, ana atola wogwera pamcenga, ndipo asodzi aona nakhala cete. Mwambo umenewu uli m'Malembo, pa Levitiko 19, ndipo ndi umene unadyetsa Rute ndi mpongozi wace. Pa khunkha mwini adziwa, nalola.

Caciwiri ndi cotaika. Apa mwini sadziwa, ndipo akadadziwa akadabwerera. Za ici Deuteronomo 22 alamula kuti wotola abweze kwa mbale wace, ndipo ngati samdziwa, asunge kufikira mwini adzafune. Anansi athu Asilamu, amene tikhala nao m'mphepete mwa nyanja muno, ali ndi lamulo lakuti cotola ca mtengo cilalikidwe caka cathunthu. Lamulo la dziko lathu nalonso limasula wotola pokhapo ngati sadziwa mwini, ndipo ali ndi cifukwa comveka coyesera kuti mwiniyo sangapezeke. Nanga mwini wa makobiri a m'dengu anali wosowa kodi? Iai, dengu lomwelo linali kunena za mwini wace.

Makolo athu anali kuopa kutola ndalama pa mphambano, poyesa kuti wina anazitaya pamodzi ndi tsoka lace. Manthawo analetsa manja ambiri. Koma mantha sindiwo kukhulupirika, pakuti wosiya kobiri la pa mphambano akhoza kutenga la m'dengu, poona kuti liribe mankhwala.

Zonsezi tinali okonzeka kumuuza mnyamatayo, ndipo tikadamuuza ndi mau akuru, koma cikumbu mtima cinatigwira pakhosi. Miyezi iwiri m'mbuyomo tinapita ku cigayo ndi thumba lathu la mpunga wa Kilombero. Mai wina amene anali patsogolo pathu anacoka mofulumira, mwana ali kulira kumsana, naiwala mbale imene inali kulandira mpunga wace wotsiriza kuturuka m'makina. Titapuntha wathu, mpunga wa m'mbale uja unathiridwa m'thumba mwathu. Tinaona ndi maso athu. Tikadaturuka panja ndi kuitana, maiyo akadamva, pakuti anali asanafike kumseu. Koma tinakhala cete, tinati mumtima, "Ndi mbale imodzi yokha, ndipo sindine ndathira." Mpungawo tinadya ndi ana athu. Tsono pamene mnyamata anati ndinatola sindinabe, tinamva mau athu omwe ali kuturuka m'kamwa mwa mwana.

Sitinamlange. Tinamkhazika pansi, ndi kumuuza za ku cigayo monga takuuzirani inu. Ndipo manyazi a mphunzitsi pamaso pa wophunzira wace si ocepa. Tinapangana kuti yense abweze cace. Sabata lotsatira iye anapereka makobiri anai aja kwa akuru, ndipo analembedwa m'buku pa mzere waokha. Ife tinafunsa ku cigayo, ndipo anatiuza mudzi wa mai uja, pakuti m'dera lathu munthu sasowa ukamfuna ndithu. Tinasenza mbale ya mpunga kumka nayo. Maiyo anati tsiku lija anayesa mpunga wace kunyumba, naona kuti waperewera, nakalipira mwana wace wamkazi kuti anautaya panjira. Pamenepo tinazindikira kuti mlandu wathu unagwera wosacimwa, ndipo kukalipa kumene mwanayo analandira sitingakubweze ndi mbale.

Akuru a mpingo apangana kuti dengu lilukidwenso, ndi kuti akatha kuwerenga azilibvundikira pamaso pa onse. Apangananso kuti wosesa azilandira kanthu poyera, kuti asamayembekezere zotsalira.

Abale, zotsalira sizidzatha: m'dengu, ku cigayo, pa sikelo ya wogula mpunga, ndi pa cenji copitirira ca wogulitsa wotopa. Musanatambasule dzanja, dzifunseni ici: mwini wace akadabwerera tsopano lino, kodi ndikadamuonetsa dzanja langa, kapena ndikadalibisa kumbuyo? Ngati mukadamuonetsa, ndi khunkha. Tolani ndi kuyamika. Ngati mukadalibisa, turukani panja, muitane asanafike kumseu.