Sukulu ya pa Lunsemfwa

Titacoka ku Mpanshya m'boma la Rufunsa, tinasiya mseu waukulu wa Great East ndi kutsikira m'dziko la Mfumu Shikabeta, mpaka pa mtsinje wa Lunsemfwa umene umathira m'Luangwa. Padooko tinapeza agogo ena atakhala m'bwato, nkhafi ili m'manja mwa mdzukulu wao.

"Usayang'ane nkhafi, mwanawe, yang'ana madzi," anatero agogowo. Anamuonetsa pamene madzi amazungulira cifukwa ca mwala wobisika, ndiponso dziwe labata limene mvuu zimakonda. Kawiri konse bwato linapendama, koma agogo sanamulande nkhafi.

Luso lotere likhoza kutayika. Ku Fiji, zilumba za m'nyanja ya Pacific, linatsala pang'ono kufa. Ndiye cifukwa cake bungwe la Uto ni Yalo limaphunzitsa acinyamata kuyendetsa ngalawa zamatanga potsata nyenyezi, mphepo ndi mafunde, monga ankacitira makolo ao.

Kuno kwathu, Lunsemfwa akadzaza m'dzinja, adzaolotsa mai wodwala ndani ngati ana sanaphunzire? Makolo, apatseni ana nkhafi mukali ndi moyo.