Zilembo Zinayi za pa 94.7

Ku America wailesi imakhala ndi mayina awiri. Lina ndi lokopera anthu, limene oulutsa mawu amalibwereza tsiku lonse. Linalo ndi la pa chiphaso cha boma, zilembo zinayi zimene bungwe la FCC limavomereza, ndipo lamulo limati azizitchula pa ola lililonse pamodzi ndi dzina la mzinda. Wailesi za kumadzulo kwa mtsinje wa Mississippi zimayamba ndi K, za kum'mawa zimayamba ndi W, kupatula nkhalakale zingapo monga KDKA ya ku Pittsburgh. Ife kuno sitinazolowere zimenezi, timangoti MBC, Zodiak kapena ZNBC basi. Zilembo zathu zilipo ndithu, Malawi ndi 7Q, Zambia ndi 9J, koma ambirife timangoziona zitalembedwa pa ndege.

Mumzinda wa Los Angeles, pa 94.7 FM, panali wailesi yotchedwa KMET. Zilembo MET zinachokera kwa eni ake, kampani ya Metromedia. M'zaka za m'ma 1970 inali nyumba ya nyimbo za rock, ndipo oulutsa mawu ake, monga Jim Ladd, ankasankha okha nyimbo n'kumalankhula zakukhosi. Koma pofika chapakati pa zaka za m'ma 1980 omvera anali atachepa. Mu February 1987 oulutsa mawu onse anachotsedwa ntchito. Pa 14 February, tsiku la okondana, KMET inatsazika, ndipo pamalo pomwepo panamveka KTWV, The Wave, kutanthauza funde. Nyimbo yoyamba inali ya Sting.

Chimene chimandichititsa chidwi n'chakuti eni ake sanangosintha nyimbo. Anafafaniza dzina. Anadziwa kuti zilembo KMET zinali ndi anthu ake, anthu oti akamva saxophone yoziziritsa mtima pansi pa dzina limenelo akanaona ngati akuwatukwana. Ndiye anakwirira dzinalo n'kusula lina kuchokera ku mawu oti The Wave: T, W, V. Poyamba wailesi yatsopanoyi inalibe ngakhale woulutsa mawu mmodzi. Pakati pa nyimbo ankaikapo timasewero tifupitifupi tojambuliratu. Amene anaotcha nyumba yodzaza mawu anamanga ina yopanda wolankhula. Roger Waters wa gulu la Pink Floyd anatulutsa chimbale cha Radio K.A.O.S. chaka chomwecho, ndipo woulutsa mawu wa m'chimbalemo ndi Jim Ladd yemwe uja, amene anali atangochotsedwa kumene.

Nyimbo za The Wave zinalibe dzina lokhazikika. Ena ankati new age, ena ankati jazi yamakono. Dzina loti smooth jazz, jazi yosalala, linamera pambuyo pake, ndipo Frank Cody, mmodzi mwa amene anayambitsa The Wave, ndiye anathandiza kufalitsa kaulutsidwe kameneka m'mizinda ina. Chicago inali ndi WNUA, San Francisco inali ndi KKSF, New York inali ndi WQCD, imene zilembo zake ziwiri zomaliza zinkakumbutsa za ma CD omwe anali atangofika kumene. Kenny G, George Benson, David Sanborn, Sade ndi Anita Baker ndiwo anali ndiwo za tsiku lililonse.

Ndikudziwa mmene akatswiri a jazi amanyozera nyimbo zimenezi. Amati ndi za m'mahotela, zongomvera uku ukudikira dokotala wa mano. Mbali ina akunena zoona: pali zimbale zambiri zimene ukamva nyimbo imodzi ndiye kuti wamva zonse, phala lopanda mchere. Koma ine sindichita nazo manyazi. Ndinazidziwira kwa amalume anga, amene ankasunga makaseti a Earl Klugh ndi Jonathan Butler m'kabati ya mbale zadothi, ndipo ankawaliza Lamlungu masana akusita malaya a mlungu wonse. Iwo sankadziwa kuti kuli Los Angeles ya pa 94.7, komabe zambiri zimene ankakondazo ndi zomwe wailesi ngati imeneyo zinkakankhira patsogolo. Ndipo msewuwo unali wopita ndi wobwera. Butler ndi mwana wa ku Cape Town. Nyimbo ya Grazing in the Grass, imene Hugh Masekela anagwedeza nayo America mu 1968, inabwereranso pa mawailesi amenewa m'chaka cha 2000 kudzera mwa Boney James ndi Rick Braun. Atayichapa n'kuisita, inde, koma inali yomweyo.

Kenako zinthu zinatembenuka. Kampani ya Arbitron, yowerenga omvera, inasiya kudalira timabuku tomwe anthu ankalembamo zimene akukumbukira kuti anamvera, n'kuyamba kuwapatsa kachipangizo koyenda nako, komwe kankazindikira kokha wailesi imene ikulira pafupi. Ambiri amati kachipangizoka ndiko kanagwetsa smooth jazz. Omvera ake nawonso anali akukalamba, pomwe otsatsa malonda amafuna achinyamata. WQCD inatha mu February 2008 n'kusanduka WRXP ya rock. WNUA ndi KKSF zinasiya jazi yosalala mu 2009.

KTWV sinafe. Cha m'ma 2010 inayamba kuchepetsa nyimbo za zida zokhazokha n'kumaonjezera za mawu, za soul ndi R&B, pang'onopang'ono, mpaka mawu oti smooth jazz anazimiririka osatsazika. Eni ake anasinthanso: CBS Radio inalowa m'manja mwa Entercom mu 2017, ndipo Entercom inadzitcha Audacy mu 2021. Zilembo zokha sizinasunthe.

Apa m'pamene mtima wanga umagawanika. Kwathu dzina la ufumu silifa. Wina akagona, mphwake amalowa dzinalo, ndipo tonse timadziwa kuti munthu ndi wina chifukwa tinalira maliro, tinaonanso akumulonga. Mu 1987 anthu a KMET anapatsidwa maliro otero. Anali owawa, koma anali ndi tsiku lake, ndipo mpaka lero amene ankaikonda amatha kuloza pa kalendala. Okonda jazi ya pa The Wave sanapatsidwe tsiku. Dzina lija likutchulidwabe pa ola lililonse, ndi mawu okoma omwe aja, pomwe m'nyumbamo munalowa ena kalekale. Ndikaimvera pa intaneti ndimapeza wailesi yabwino ndithu, yoimba nyimbo zimene ndimazikonda, koma si imene amalume akanaizindikira.

Zilembo KMET nazo sizinatayidwe. Ku America dzina likasiyidwa, wina akhoza kulipempha. Linakatera pa kawailesi ka AM m'tauni ya Banning, kum'mawa kwa Los Angeles, njira yopita kuchipululu, komwe amaulutsa kwambiri mapulogalamu a zokambirana.