Nambala yachinayi siikhudzidwa

Ntchito yanga pa boma la Mchinji ndi yokonza ndi kudinda malebulo, zikwangwani ndi matisheti. Ambiri amene amandipeza ndi magulu a alimi a mtedza ndi soya ochokera ku Kamwendo, Mkanda ndi Kapiri, komanso amalonda a ku Chipata odutsira pa Mwami. Aliyense amabwera ndi logo yake, ndipo dandaulo limakhala limodzi: pa foni inali yowala, pa pepala yatuluka yoderako. Sikirini imatulutsa kuwala kwake, pomwe pepala limangobweza kumene lalandira.

Ndiye ndimayamba ndawalitsa logoyo ndisanadinde. Zithunzi zikachuluka sinditsegula chimodzichimodzi, ndili ndi kapulogalamu ka mizere yochepa kamene ndinalemba mu Python.

Chithunzi cha PNG ndi timadontho, ndipo kadontho kalikonse kali ndi manambala anayi, kuyambira 0 kulekeza 255. Atatu ndi a mtundu: kufiira, kubiriwira ndi buluu. Yachinayi timaitcha alpha, ndipo imanena ngati kadonthoko kaphimbe za kumbuyo kwake kapena ayi. Ikakhala 0, kadonthoko kulibe, chikasu cha lebulo ya botolo la chiponde chimaonekera bwinobwino. Ikakhala 255, kaphimbiratu.

Wophunzira ntchito amawonjezera 40 pa manambala onse anayi, poganiza kuti kuwalitsa ndi komweko. Alpha imene inali 0 yasanduka 40, ndipo logo yazunguliridwa ndi kabokosi kotuwa ngati galasi lopumirapo mpweya. Wina amachulukitsa ndi 1.3 m'malo mowonjezera. Kabokosi sikabwera, koma m'mphepete mwa zilembo, momwe alpha imatsika pang'onopang'ono kuti mzere usalale, mumatuluka manomano. Pa sikirini simungaone msanga. Pa chikwangwani cha mamita awiri amaona ngakhale wa kabaza ali pa liwiro.

Ine ndimagawa chithunzicho panayi, alpha n'kuiika pambali, n'kuchulukitsa manambala atatu a mtundu aja, kenako n'kubwezeretsa alpha monga inalili. Ndimaikanso malire, chifukwa 200 kuchulukitsa ndi 1.3 ndi 260, ndipo nambala ikadutsa 255 popanda choiletsa imatha kuzungulira n'kukhala 4. Malo owala kwambiri aja ndiye amada bii.

Chimene chimandidyera nthawi kwambiri ndi WhatsApp. Logo ikatumizidwa ngati chithunzi wamba imafika ili JPEG, ndipo JPEG ilibe alpha, kumbuyo kumakhala koyera kapena kwakuda basi. Pamenepo palibe pulogalamu yobweza chimene chatayika, ndimadula m'mphepete ndi manja. N'chifukwa chake kasitomala akaimba kuchokera ku Chipata ndimamuuza kuti, "Achimwene, mutumize ngati document, ndipo mufunse amene anakukonzerani akupatseni PNG yoyambirira."