Mlandu wa Mbuzi, Mlandu wa Foni

Kwathu ku Dedza, cha m'ma 1980, mlandu wa kuba unkathera pansi pa mtengo wa kachere. Mnyamata wina wa mudzi woyandikana nafe atagwidwa akusenda mbuzi ya agogo anga, palibe anaganiza zopita kupolisi, komwe kunali mtunda wothyola miyendo. Anyakwawa anaitanitsa bwalo. Mnyamatayo anakhala pansi atazolika, amalume ake ali pambali, poti kwathu mwana akapalamula woyankha ndi mwini mbumba. Nduna zinamupanikiza ndi mafunso mpaka dzuwa kupendeka. Chigamulo chinali chakuti abale ake abweze mbuzi ziwiri, apereke nkhuku ya chindapusa kwa amfumu, ndipo mwiniwakeyo alime dimba la agogo. Ankabwera mbandakucha, khasu paphewa, osayang'ana munthu kumaso. Agogo ankamupatsa phala asanabwerere. Lero ndi bambo wa ana akuluakulu, ndipo pa maliro a kwathu ndi mmodzi wa adzukulu.

Ndende nthawi imeneyo tinkaidziwa ngati kopita olakwira boma. Mikuyu ndi Dzeleka anali mayina otchula monong'ona. Jack Mapanje anatsekeredwa kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992.

Matipate atabwera mu 1994 tinkayembekeza kuti makomo a ndende azitsekuka kwambiri kuposa kutsekeka. Andale anatulukadi, koma m'malo mwawo munadzaza ana a anthu osauka. Misika inakula, anthu osadziwana anachuluka, mawu a anyakwawa anayamba kupepuka. M'matauni tinayamba kuona akuba akuvekedwa matayala n'kuyatsidwa. Pa mkangano uliwonse, ngakhale wa ngongole ya thumba la feteleza, pakamwa pa anthu panatuluka mawu amodzi: "Ndikumangitsa."

Mwana wa mchemwali wanga anaba foni pamsika. Anakhala miyezi pa rimandi chifukwa tinalibe womuimirira pa belo amene khoti likanamukhulupirira. Nditapita kukamuona, nditanyamula nsima ndi usipa m'kontena, ndinapeza manja ake ali mphere zokhazokha. Anandifotokozera za shamba, pakati pa chitokosi pomwe atsopano ndi osowa ndalama amachezera usiku wonse chikhalire, wina pakati pa miyendo ya mnzake, mutu atautsamiritsa pamsana wa amene ali kutsogolo. Chakudya chinali kamodzi patsiku, mgaiwa ndi nandolo. "Amalume, muno munthu sagona," anandiuza. Khoti loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kale mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, kuti kuthithikana kotere n'kuzunza anthu, koma mphwangayo anakumanabe nako patapita zaka.

Ku America, komwe anthu pafupifupi 2 miliyoni ali m'ndende, kuli anthu onga Angela Davis ndi Ruth Wilson Gilmore amene amanena poyera kuti ndende zithe. Davis analemba buku lake la Are Prisons Obsolete? mu 2003. Iwo sakunena kuti mawa m'mawa alonda ataye makiyi. Akuti ndalama zomangira zitokosi zipite ku sukulu, zipatala ndi ntchito, ndipo cholakwa chikachitika, woyamba kumvedwa akhale wolakwiridwa. Ine ndikawamva ndimakumbukira kuti agogo anga anabwezeredwa mbuzi zawo, ndipo pa milandu yambiri yodzaza ndende za Maula ndi Chichiri ndili mbali ya Davis ndi Gilmore.

Komabe bwalo lija sindilikometsa. Pansi pa kachere yemweyo, bambo wogwirira kamtsikana ankalipa mbuzi nkhani n'kuthera pomwepo, mwanayo osafunsidwa kanthu, mawa lake n'kumakumana naye pachitsime. Mayi womenyedwa ankauzidwa ndi ankhoswa kuti apirire. Ndiponso makhoti a mafumu amene Kamuzu anawapatsa mphamvu ndi omwe anagamula mu 1983 kuti Orton ndi Vera Chirwa aphedwe. Zimenezo zisadzabwerere. Pali anthu ofunikadi kutalikitsidwa ndi amene anawavulaza.

Chimene ndaona chikuphuka n'chapakati. Kuyambira mu 2000 majisitireti akhoza kulamula wolakwa mlandu waung'ono kuti azikatchetcha pachipatala kapena kusesa pasukulu, madzulo n'kukagona kwawo. Chaka chomwecho apalaligo a bungwe lomwe lero ndi PASI anayamba kulowa m'ndende kukafufuza oiwalika pa rimandi, mpaka majisitireti kumakazenga milandu konko. M'midzi ina aphunzitsa anthu wamba, amayi ali momwemo, kuyanjanitsa okangana nkhani isanafike kupolisi. Mu 2017 Khoti Lalikulu linathetsa gawo la lamulo la vakabu, atadandaula Mayeso Gwanda, venda amene anagwidwa usiku akupita kukagulitsa majumbo ku Limbe.

Njira zimenezi mphwanga uja sizinamufike. Anatuluka akutsokomola, ndipo pamsika palibe ankafuna kumupatsa ngakhale ganyu yonyamula katundu. Mwini foni uja ndinakumana naye pambuyo pake. Anandiuza kuti iye ankangofuna ndalama ya foni yake, ndipo mpaka lero sanailandire.