Amayi, Khirisimasi ino tikumanirane ku Joni

Okondedwa Amayi,

Ife kuno ku Leicester tili bwino, kungoti chisanu chayambapo ndipo dzuwa layamba kulowa msanga. Mdzukulu wanu tsopano akukwawa nyumba yonse.

Nkhani yomwe ndili nayo ndi yofuna kukhalirana pansi, n'chifukwa chake ndalemba kalata m'malo moimba foni. Ndalolanso kuti ena aiwerenge, poti atsikana anzanga ambiri kunja kuno akusinkhasinkha zomwezi ndipo akusowa poyambira kuwauza makolo awo.

Tidalonjeza kuti Khirisimasi ya chaka chino tidzadyera kwathu ku Nkhotakota, kuti mwanayu mudzamubereke kumsana kwanu, osati kumangomuonera pafoni. Lonjezolo tidapanga ndisanadziwe kuti ndaima. Zija ndidakunong'onezani n'zoona, ndipo pofika Disembala ndidzakhala m'mwezi wachisanu ndi chimodzi. Alipo amene anene kuti ndatumbiza. Anene, ine mphatsoyi ndailandira ndi manja awiri, ndipo azamba akundiyang'anira bwino.

Ndege payokha siyikundiopsa. Kuchokera ku London kulibe yopita kwathu mwachindunji: umatsikira ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg, n'kukwera ina yokatera pa Kamuzu kapena pa Chileka. Makampani ambiri amanyamula mayi woyembekezera mpaka masabata 36, kapena 32 ngati ali mapasa, koma akakwana masabata 28 amafuna kalata ya dokotala kapena mzamba yonena nthawi yomwe akuyembekezeka kuchira ndiponso kuti palibe chovuta. Azamba amati nthawi yabwino yoyenda ndi kuyambira mwezi wachinayi kufika wachisanu ndi chimodzi, mseru utatha koma thupi lisanalemere. Choti usamale nacho pa ulendo wopitirira maola 4 ndi magazi kuundana m'mitsempha ya m'miyendo, ndiye umavala masokosi othina a kuchipatala, kumwa madzi pafupipafupi ndi kumadzuka kuwongola miyendo. Mwana wosakwana zaka 2 amakhala pamiyendo pa kholo, ndipo ameneyo adzamufukata ndi bambo ake. Zonsezi n'zotheka.

Chomwe chandisowetsa tulo, Amayi, ndi malungo.

Ndikudziwa momwe mawu amenewa amvekere kumudziko. Mwana wobadwira m'mbali mwa nyanja, wokulira pafupi ndi madambo a mpunga, lero akuopa udzudzu? Koma mundimvetse. Munthu akamalumidwa chaka ndi chaka kuyambira ali wakhanda, thupi lake limaphunzira kulimbana ndi tizilombo ta malungo. N'chifukwa chake akuluakulu ambiri kwathu amadwala masiku ochepa, kumwa LA, n'kubwerera kumunda. Mphamvu imeneyo sikhalitsa munthu akachoka kumalo a udzudzu. Ine ndakhalitsa kuno, ndipo ngakhale mtima ndi lilime zili za ku Nkhotakota, magazi anga asanduka a mlendo. Ku Britain kuno, ambiri mwa omwe amapezeka ndi malungo ndi ife a ku Africa obwera kokaona abale, osati azungu okaona nyama. Iwo amamwa mankhwala mwamantha, pomwe ife timangoti kwathu n'kwathu, n'kukagona popanda neti.

Kwa mayi wapakati nkhaniyi imakula. Tizilomboti timakaunjikana mu nsengwa, momwe mwana amalandirira chakudya. Mayi amatha magazi, mwana amabadwa wochepa sikelo kapena masiku asanakwane, ndipo nthawi zina mayi amapita padera. Izi si nzeru za kuno zokha ayi. Dziko lathu lomwe ndilo lidali loyamba, mu 1993, kukhazikitsa zoti amayi oyembekezera azimwa Fansidar kusikelo pofuna kuteteza iwo ndi ana awo. Inuyo mudaperekezapo azilamu anga kusikelo, mudaona akumwetsedwa mapiritsi aja pamaso pa namwino n'kupatsidwa neti. Boma silikadachita zimenezo malungo akadakhala matenda ocheza nawo.

Koma Fansidar wa kusikelo adakonzera mayi wokhala komweko, yemwe thupi lake lili kale ndi podalira. Kwa wobwera ngati ine mankhwala ake ndi ena, ndipo apa ndi pomwe njira yapanikiza. Doxycycline saperekedwa kwa mayi woyembekezera kapena kwa mwana wamng'ono. Malarone, yemwe apaulendo ambiri amamwa, madokotala amamupewa pa mayi wapakati chifukwa sanafufuzidwe mokwanira. Wotsala ndi mefloquine, wakumwa kamodzi pa sabata, kuyambira masabata 2 kapena 3 usananyamuke mpaka masabata 4 utabwerako. Ena amawayanja, ena amawalotetsa zoopsa ndi kuwasowetsa mtendere m'maganizo. Ndipo palibe mankhwala otchinga kotheratu. Langizo la madokotala kuno ndi losapita m'mbali: mayi woyembekezera asapite kudera la malungo pokhapokha ngati palibiretu kuchitira mwina.

Nanga mdzukulu wanu? Iyeyu udzudzu wa malungo sunamulumepo chibadwire. Ndimanyadira kuti Malawi ndiye adayamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu 2019, koma katemerayo ndi wa ana okhala komweko, wolandira kanayi kuyambira ali ndi miyezi 5, osati wa mwana wobwera kudzacheza masabata ochepa. Ndiye taganizani: Disembala, mvula itagwa, zithaphwi paliponse, ife madzulo tili pakhonde ndi abale omwe sitingawathamangitse kuti tikalowe mu neti dzuwa likangolowa. Mwana wosayankhula akatentha thupi pakati pa usiku sanena pomwe pakupweteka. Ndipo ine zitandivuta mwana n'kufuna kubwera masiku asanakwane, chipatala chachikulu cha Kamuzu Central chili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 200, kudzera ku Salima, m'nyengo yomwe mitsinje ya m'mbali mwa nyanja imadzaza.

Chimandiwawa n'chakuti amayi anzanga kumudziko amakhala m'zomwezi chaka chonse, alibe kothawira, ndipo ambiri amachira bwinobwino. Sindikudziyesa woposa iwo. Kungoti iwo ali ndi chitetezo chomwe ine ndidataya, ndipo ine ndili ndi mwayi wosankha womwe iwo alibe. Ndikaugwiritsa ntchito molakwika mwayi umenewu, wolipira adzakhala mwana yemwe sanafunsidwe.

Komabe sindikufuna chaka chithe musanamugwire mdzukulu wanu. Takambirana ndi akamwini anu komanso achimwene ku Joni, ndipo tagwirizana kuti banja likumane kumeneko. Mzinda wa Johannesburg uli pamtunda wokwera, mamita oposa 1,700, ndipo kulibe malungo. Ku South Africa malungo ali kuzigwa za Limpopo, Mpumalanga ndi kumpoto kwa KwaZulu-Natal, ndiye ku Kruger kokaona nyama sitidzapondako. Kuchokera ku London ndege yake ndi imodzi, maola pafupifupi 11, popanda kutsika ndi kukwera ndi mwana kumanja, matewera kumsana. Inshuwalansi tagula yomwe yalemba poyera kuti ikukhudza mayi wapakati ndi mwana wobadwa masiku asanakwane, chifukwa zina zimasiya zimenezo m'timalemba ting'onoting'ono. Tapemphanso kuti mwanayu abayidwe katemera wa chikuku tisananyamuke. Kwathu ana amalandira ali ndi miyezi 9, pomwe kuno amadikira akwanitse chaka.

Inu basi ija ya ku Mwanza, Tete mpaka Beitbridge, yogona masiku awiri panjira, musaiganizire n'komwe. Tikiti ya ndege tigula ife. Kuchokera ku Lilongwe ndi ulendo wosakwana maola 3, ndipo Mmalawi wokhala ndi pasipoti amaloledwa kucheza masiku 30 popanda viza. Achimwene adzakuchingamirani pabwalo la O. R. Tambo.

Sindikunamizani kuti n'chimodzimodzi. Agogo sadzamuona mwanayu chaka chino, ndipo pa msinkhu wawo zimenezi zimandiliza. Sitidzafika kumanda kwa bambo. Mwanayu sadzalandiridwa m'tchalitchi chomwe ine ndidabatizidwira, ndipo azakhali ake sadzamuvinitsa pabwalo. Kwathu tidzabwera ndikachira, ana onse awiri atakhwimako, m'nyengo yozizira ya Juni kapena Julayi pomwe udzudzu umachepa, ndipo ngakhale pamenepo tidzamwa mankhwala ndi kugona mu neti.

Chonde, Amayi, mukawafotokozere agogo ndi amalume mwa mawu anu, poti inu amakumverani. Akamati mwana wanu wayamba kunyada, muwawerengere kalatayi. Sabata ino muone ngati pasipoti yanu ikadali ndi masiku, ndipo ngati yatha mupite msanga ku ofesi ya Immigration ku Lilongwe, ndalama yake nditumiza. Mundiyankhe mwezi uno usanathe kuti tigule matikiti mitengo isanakwere.

Moni kwa onse pakhomopo.

Ine mwana wanu,
ku Leicester